Kamtondo Komanga ndi Waya

A Kingstone Zuze anafika ku Limbe pa sitima yochokera ku Nsanje ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, atanyamula malaya awiri ndi kapepala kolembedwa dzina la amalume awo. Amalumewo anali mlonda pa fakitale ina ya sopo ku Makata, ndipo anawapezera ganyu yolemba manambala pa mabokosi. Sukulu anali atailekera mu Sitandade 5, koma dzanja lawo linali lowongoka. Kapitawo ataona mmene nambala 8 yawo inkakhalira, mimba ziwiri zolingana bwinobwino, anawachotsa ku mabokosi n'kuwapatsa zitseko za malole. Patatha zaka zisanu anatsanzika pa fakitalepo, anagula maburashi awoawo ndi zitini zinayi za penti, n'kuyamba kulemba zikwangwani.

Aliyense amene anayenda mu Limbe zaka zimenezo anawerengapo dzanja la a Kingstone, kaya ankadziwa kaya ayi. Linali pa mabutchala, pa nyumba zometera, kwa atelala, kwa ogulitsa zipangizo za njinga, ndi kumbuyo kwa maminibasi opita ku Chichiri. Pa ntchito yawoyo anali ndi malamulo awiri.

Loyamba, sankagwira burashi asanakhale m'mawa wathunthu tsidya lina la msewu, moyang'anana ndi sitolo imene akufuna kuilemba. Eni masitolo ena ankakwiya nazo, ati munthuyu wabwera kudzaothera dzuwa. Koma iwo ankakhala akuona kumene anthu amachokera, pamene diso lawo limagwera akamadumpha ngalande, nthawi imene mthunzi wa khonde umafika pakhoma, ndiponso chinthu chimene mwini sitolo amachigwira kawirikawiri osazindikira. Wa butchala wina anali ndi mpeni wothyoka nsonga, ndipo mpeni womwewo, ndi kuthyoka kwake komwe, ndi umene unakwera pakhoma lake. Amayi awo a Kingstone anamwalira osadziwa kuwerenga, choncho iwo ankati chikwangwani chimene amayi awowo sakanachimva ndi khoma lodetsedwa chabe.

Lachiwiri, sankalemba zikwangwani ziwiri zofanana. Munthu akabwera n'kunena kuti, “Mundilembere ngati cha uje,” iwo ankayankha kuti, “Ndiye mukagule sitolo ya ujeyo.” Kwa zaka makumi atatu lamulo limeneli silinasweke, ndipo anthu ankawadziwira pomwepo.

Kenako kunabwera makina osindikiza pa nsalu za pulasitiki. Chikwangwani chimene a Kingstone ankachilemba masiku atatu, makinawo ankachilavula munthu asanamalize kapu ya tiyi. Makoma awo anayamba kukutidwa limodzilimodzi, ena anapakidwa laimu. Anzawo a ntchito imeneyi ena anabwerera kumudzi, ena anakakhala alonda. Iwo anapulumukira kwa mwana wawo wamkazi, Hannah, amene ankawaphunzitsa kompyuta Lamlungu lililonse akaweruka kutchalitchi, chala chimodzichimodzi, mpaka anatha kusankha zilembo ndi mitundu.

Ndi nzeru zochepa zimenezo analembedwa ntchito ndi a Wahab, mwini sitolo yaing'ono yosindikiza kuseri kwa msika wa Limbe. A Wahab anali a banja la Chisilamu lokhazikika mu Limbe kuyambira kale. Bambo awo anali ndi sitolo ya nsalu imene a Kingstone anailemba a Wahab akadali mnyamata wovala kabudula, ndipo mwina n'chifukwa chake anawalandira. Sanali munthu woipa mtima. Anali wamalonda, ndipo wamalonda chimamupweteka ndi munthu wotuluka pakhomo osagula. Tsiku loyamba la ntchito Hannah anawaperekeza bambo ake, anawatsegulira foda imodzi mu kompyuta ya sitoloyo, kathumba kosungiramo ntchito, n'kuwauza kuti, “Ababa, chilichonse muziika umu, kuti chisamasowe.” Foda imeneyo ndi yokhayo imene a Kingstone anaidziwa, ndipo kwa zaka zinayi ankaikamo zonse.

Lolemba lina m'mawa a Wahab anakhala pa ngodya ya tebulo lawo.

“Madala, sabata yatha anthu atatu atuluka muno chifukwa mwawauza kuti abwere mkuja. Ku Chichiri anyamata akusindikiza munthu ali chiimire.”

“Akusindikiza zinyalala munthu ali chiimire.”

“Zinyalala zomwezo anthu akuzikonda. Ndikufuna matempleti khumi.”

“Ndiye chiyaninso chimenecho?”

“Chikombole, madala, ngati choumbira njerwa. Mwakonza kamodzi basi: chithunzi apa, dzina apa, nambala ya foni pansi. Wabwera wa mandasi, tachotsa dzina taika lake. Wabwera wa saluni, chimodzimodzi. Mphindi zisanu munthu wanyamuka.”

“Sitolo ya munthu si njerwa, bwana.”

“Tsabola wakale sawawa, madala. Lachisanu ndikamachokera kumzikiti ndipeze zikombole khumi mu kompyutamo. Zikapanda kupezeka musandide, pampando umenewo ndikhazikapo wina. Ondifunsa alipo ambiri.”

A Kingstone anali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi kudza ziwiri. Ankadziwa kuti akachoka pampando umenewo sadzapezanso wina mu Limbe monse.

Anayatsa kompyuta n'kutsegula pepala loyera. Pepalalo linawayang'ana, iwonso analiyang'ana. Anajambula bokosi, analifufuta. Anasankha mtundu wofiira, n'kudzifunsa kuti wofiira wa ndani, popeza wofiira wa butchala si wofiira wa wogulitsa nsapato za ana. Dzanja limene linkalemba mzere wowongoka pamwamba pa makwerero ogwedera, mphepo ikuomba, tsopano linangogona pa mausi wa kompyuta ngati lachita dzanzi.

“Bwana, sitoloyi ili mbali iti ya msewu?” anafunsa chakumasana.

“Sitolo iti?”

“Imene ndikuikonzerayi.”

“Palibe sitolo, madala. Ndi ya aliyense.”

“Aliyenseyo amagulitsa chiyani?”

A Wahab anaseka n'kubwerera ku makina awo.

Lachiwiri a Wahab anawatsegulira za pa intaneti kuti aonereko. Munali makeke okhala ndi zipatso zimene a Kingstone sanazionepo mumsika wa Limbe, manja oyera atagwira makapu a khofi, akazi akumwetulira popanda chowasangalatsa. Zonse zinali zokongola ngati maluwa a pulasitiki a pa ukwati. Anayesa kutengera chimodzi. Chinatuluka chosalala bwino, koma atachiyang'ana kachiwiri sanathe kunena ngati chikugulitsa buledi kapena mankhwala a makoswe, ndipo anachifufuta. Pa nthawi ya nkhomaliro anatuluka kukayenda, akuti mwina mutu utseguka. Anafika pa butchala uja wa mpeni wothyoka. Mwini wake anamwalira kalekale, tsopano pankagulitsidwa mafoni, ndipo pansi pa nsalu ya pulasitiki pankangooneka chigwiriro cha mpeniwo. Anabwerera mutu utauma kuposa poyamba.

Lachitatu m'mawa akazi awo, a Sellina, anali kupalira kadimba ka chimanga kuseri kwa nyumba yawo ya lendi ku Chigumula. Anaweramuka ataona amuna awo atangokhala pakhonde, kapu ili pansi.

“Abambo ake a Hannah, tiyi wazizira. Kodi ndi zikombole zanu zija?”

“Ndikayang'ana pepalalo sindikuonamo munthu, amake Hannah.”

“Nanga akufuna munthu? Akufuna njerwa. Apatseni njerwa. Nyumba tikugonamoyi ndi ya njerwa zofananazo, simunadandaulepo.”

“Inu simungamve.”

“Ndikumva bwino lomwe. Chimanga ichi ndi mizere khumi ndi iwiri, sichingatidyetse ndi miyezi iwiri yomwe. Kunyada kwanuko muzikuganizira pamodzi ndi zimenezo.”

Anaweramiranso khasu lawo. A Kingstone anamwa tiyi wozizirayo n'kupita kukakwera minibasi.

Tsiku lomwelo masana, a Wahab atapita ku Makata kukagula mapepala, m'sitolomo munalowa mayi wa zaka za m'ma makumi anayi, atafunda mpango wakuda kumutu, dengu lili m'manja. Anati dzina lawo ndi a Afisa, amakhala ku Chigumula kumtunda kwa msika, amapanga tsabola wa m'mabotolo, ndipo akufuna bambo aja olemba, a Zuze. Anatulutsa mabotolo awiri n'kuwaika pa tebulo.

“Taonani awa, bambo. Mundiuze langa ndi liti.”

A Kingstone anavala magalasi. Mapepala omata pa mabotolowo anali amodzimodzi: chithunzi cha tsabola wofiira chotenga pa intaneti, mzere wachikasu, nambala ya foni pansi. Maina okha ndi amene anasiyana, ndipo anali m'tizilembo tating'ono. Lina linati Afisa, lina linati Ramla.

“Ndinasindikiza ku Chichiri,” anatero a Afisa. “Patatha mwezi alamu anga a Ramla, akazi a achimwene anga, nawonso anayamba tsabola. Anapita komweko, anawapatsa chomwecho. Wanga ndimasinja ndekha, kambuzi weniweni, adyo, mandimu, mafuta ndimayamba ndaphika. Iwo amangothira viniga ndi utoto, sabata ziwiri wachita thovu. Anthu m'magolosale sawerenga timaina iti, amangoti ndipatseni wachikasu uja. Dzulo mayi wina wanditukwana pa siteji, ati ndadwalitsa amuna ake m'mimba. Ine, amene ndapanga tsabola zaka khumi ndi ziwiri.”

“Pepani, mayi.”

“Anthu andiuza kuti inu simulemba ziwiri zofanana. Ndi zoona?”

“Zaka makumi atatu. Funsani Limbe yense.”

“Ndiye mundikonzere changachanga.”

“Tiikepo nkhope yanu. Nkhope sabwereka.”

“Nkhope yanga pa botolo ayi, bambo. Tsabola akatha, ndizikagubuduzika m'ngalande? Ife sititero.”

A Kingstone anavula magalasi. Kwa masiku atatu anali asanalankhule ndi munthu amene ali ndi chake chogulitsa.

“Ndiye ndibwere mawa m'mawa, ndidzaone pamene mumagwirira ntchito.”

Munthu wanzeru sakanatero. Kunali kutatsala tsiku limodzi ndi theka, zikombole palibe ndi chimodzi chomwe, ndipo iwo anatenga m'mawa wa Lachinayi kukakhala pakhomo pa eni. Anapeza amuna a a Afisa, a Hamdani, oyendetsa lole, akutsuka nsapato pakhonde. Anawatulutsira mpando.

“Mwati mwabwera kudzajambula? Nanga pepala lili kuti?”

“Ndabwera kudzakhala.”

“Ntchito yabwino imeneyo. Ikapezeka ina mundiuze, lole yandithyola msana.”

A Kingstone anakhala. Anapatsidwa tiyi wa mandimu ndi zitumbuwa ziwiri. Anaona mabotolo akuwira m'poto, adyo akusendedwa, kambuzi atayanikidwa pa lichero. Maso anayamba kuwawa, mphuno kuyabwa, anayetsemula mpaka a Hamdani anaseka. Sanaonebe kanthu. Kenako a Afisa analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kamtondo kakang'ono, kakuda ndi ukalamba, kong'aluka kuchokera pakamwa mpaka pakati. Kanali komanga ndi waya kuzungulira katatu, ndipo nsonga za wayayo zinali zopotedwa pambali ngati khutu la mbuzi. Mayiwo anakaika pakati pa mapazi, ndipo asanayambe kusinja anasisita wayayo ndi chala chachikulu. Anachita zimenezo ulendo uliwonse akathiramo tsabola wina, osadziwa kuti akutero.

“Kamtondo aka kanachokera kuti?”

“Kanali ka amayi anga. Kanang'aluka chaka chimene ndinakwatiwa, bambo anga n'kukamanga ndi waya wa njinga. Ana amandiseka, ati ndigule katsopano.”

“Musagule.”

Anatola chivindikiro cha katoni, anatulutsa pensulo m'thumba la malaya, ndipo dzanja lija linadzuka lokha. Sanafufute ndi kamodzi komwe. Anajambula mng'aluwo mmene unalili, waya katatu, khutu la mbuzi, munsi utatsamira pambali. A Afisa atachiona anagwira pakamwa ndi nsonga ya mpango.

“Ichi ndi chanu chokha, mayi,” anatero a Kingstone. “M'Malawi muno mulibe kamtondo kena kotere. Amene sadziwa kuwerenga azingoti ndipatseni wa kamtondo ka waya.”

Anafika ku ntchito dzuwa lili pamutu. A Wahab anayang'ana wotchi n'kupukusa mutu. A Kingstone analowetsa chithunzicho mu kompyuta, anachiika pa mtundu wobiriwira wa tsamba la tsabola, n'kulemba dzina la a Afisa m'zilembo zazikulu zoti munthu aziwerenga ali kunja kwa kauntala. Anachisunga mu foda yawo ija, monga mwa masiku onse, ndipo madzulo omwewo a Hamdani anadzatenga mapepala omata.

Pamenepo m'pamene anaona njira. Sakanatha kujambulira munthu amene kulibe, koma anthu amene anawajambulirapo anali ambiri, ndipo ochuluka anali atamwalira kapena kutseka masitolo awo. Anayamba kuwaitana m'modzim'modzi. Anajambula mpeni wothyoka nsonga wa butchala uja. Anajambula sizasi ya telala wina wa ku Bangwe, imene chigwiriro chake chinali chokulunga ndi kansanza, ndi mpando wa wometa wina umene unachokera m'galimoto yakufa, ndi beseni la mandasi lophwanyika mbali imodzi. Pa chilichonse ankasiya malo a dzina ndi nambala, monga anafunira a Wahab. Mumtima zinkawawawa kuti akugulitsa katundu wa akufa, koma akufa sadandaula. Lachinayi anaweruka atamaliza zinayi. Lachisanu m'mawa anawonjeza zisanu. Chakhumi chinakana. Anali akufufuzabe m'mutu pamene anamva a Wahab akupukuta mapazi pakhomo, akuchokera kumzikiti.

A Wahab anakoka mpando, anatsegula foda ija, n'kuyamba kuwerenga ndi chala pagalasi. Anadutsa mpeni, sizasi, beseni ndi zinazo mpaka zisanu ndi zinayi, ndipo chala chinagwera pa kamtondo ka a Afisa, kamene kanali pamodzi ndi zinzake.

“Khumi. Aa, madala, galu wamkota sakandira pachabe. Izi ndiye za kuno, anyamata a ku Chichiri alibe. Ndipo kamtondo aka kaposa zonse.”

Apa m'pofunika kunena zoona. A Kingstone anaona pamene chala chinagwera, ndipo anatsegula pakamwa. Mbali ina anali kuganiza ngati munthu wa burashi: chimene walemba pakhoma la munthu chimakhala pakhoma lomwelo, wofuna kuchitenga agumule khomalo. Sanazindikire mokwanira kuti mu kompyuta mulibe khoma. Anadziuzanso kuti palibe angasankhe mtondo wong'aluka kupatula mwini wake. Koma si umbuli wokha umene unawatseka pakamwa. Mpando unali utapulumuka, ndipo mawu amodzi akanaubwezanso pamoto. Anadzilonjeza kuti Lolemba ajambula chakhumi chenicheni, n'kuchotsamo cha eni.

Lolemba a Wahab anali atasindikiza kale zonse khumi, ataziika m'buku la mapepala a pulasitiki pa kauntala, kuti wobwera azingosankha. Anthu anachuluka. Chakhumi chenicheni chija anachisiyira mawa, mawalo n'kukhala mkuja. Zengerezu analinda kwawukwawu.

Patatha sabata zitatu kunabwera uthenga wa maliro a mlongo wawo ku Nsanje, ndipo a Kingstone anachoka masiku anayi. M'masiku amenewo a Ramla analowa m'sitolomo. Tsabola wawo anali atasiya kuyenda chiyambire mabotolo obiriwira, ndipo anali atafunsa kumene anasindikizidwa. Anatsegula buku la pa kauntala. Kamtondo ka apongozi awo ankakadziwa bwino, anasinjiramo nawo ali mtengwa watsopano. Anaikapo chala n'kunena kuti, “Ichi.” A Wahab anachotsa dzina n'kuika lina. Sizinathe mphindi zisanu.

A Kingstone atabwerako, asanavule n'komwe jekete, a Afisa analowa ndi dengu lawo lija. Sanapereke moni. Anaika mabotolo awiri obiriwira pa tebulo.

“Bambo Zuze, taonaninso. Langa ndi liti?”

A Kingstone sanafune magalasi ulendo uno.

“Poyamba anandilakwira anyamata osandidziwa,” anatero mayiwo, mawu ali pansi. “Inu munakhala pakhomo panga m'mawa wonse. Munamwa tiyi wanga. Munati m'Malawi muno mulibe kena. Lero kamtondo ka amayi anga kali pa tsabola wa thovu, ndipo dzina lalikulu munalemba lija, lawonso n'lalikulu.”

A Wahab anazimitsa makina n'kubwera.

“Mayi, pepani, koma chithunzi chimenecho chili m'buku la aliyense. Ine palibe anandiuza kuti chili ndi mwini. Madala, munandiuza?”

“Sindinakuuzeni.”

“Mwamva nokha, mayi. Komabe tikhoza kukuthandizani. Tikusinthireni mtundu, tiike wabuluu.”

“Mawa a Ramla adzafuna wabuluu, ndipo mudzawapatsa.”

“Bwana, tichichotse m'bukumo,” anatero a Kingstone.

“Tichichotsa bwanji, madala? Anthu anayi achisankha kale. Wa nsinjiro ku Ndirande, wa ufa wa phala ku Machinjiri, wina wa mankhwala azitsamba, ndi a Ramla omwewo. Ndi chimene chikuyenda kuposa zonse. Ndikachichotsa lero, mapepala amene atuluka kale ndikawatola kuti?”

A Afisa anatenga botolo limodzi, lawo, n'kulibwezera m'dengu. La a Ramla analisiya pa tebulo.

“Limenelo mudyere nsomba,” anatero, n'kutuluka.

Loweruka m'mawa a Kingstone anatulutsa zitini zawo zakale pansi pa bedi. Penti anali atachita chikhungu pamwamba, koma pansi anali wamoyo. Anaviika maburashi m'palafini mpaka anafewa. Ananyamula zonsezo m'chikwama n'kuyenda wapansi kukwera kumtunda kwa msika, kwa a Afisa.

Anapeza a Afisa atakhala pansi pambali pa beseni lalikulu lodzaza mabotolo. Ankawaviika m'madzi n'kumakanda mapepala obiriwira aja ndi mpeni. Zidutswa zake zinali mbwee pabwalo. A Hamdani anali paulendo ndi lole. Mpando sunatuluke.

“Ndabwera kudzalemba pakhoma, mayi,” anatero a Kingstone ali chiimire. “Ndi dzanja, ngati kale. Cha pakhoma palibe angachitenge. Sindikufuna kanthu.”

“Khoma lake liti, bambo? Nyumba ino ndi ya lendi. Eni ake salola ndi msomali womwe.”

A Kingstone anayang'ana khomalo. Linali loyera, losalala, loyang'ana kunjira, dzuwa la m'mawa likuligunda bwino. Pa zaka zonse za ntchito yawo anapatsidwa makoma ochepa abwino ngati limenelo.

“Nanga mabotolo azikhala opanda kanthu?”

“Ndizigulitsa pakhomo pano kwa amene amandidziwa. Magolosale ndawasiyira a Ramla. Iwo ali ndi kamtondo, ine ndili ndi tsabola.”

Kamtondo kenikeniko kanali pakhonde, katatsukidwa, kakuuma. Maso a a Kingstone anagwera pamenepo. A Afisa anaona. Anadzuka, anapukuta manja pa chitenje, anakanyamula n'kukalowetsa m'nyumba, ndipo potuluka anatseka chitseko. Anakhalanso pansi n'kutola botolo lina.

A Kingstone anabwerera ndi zitini zawo zosatsegula.

Mpando wa kuntchito uja a Kingstone akadali nawo mpaka lero. Lolemba lotsatira a Wahab anapempha zikombole zina khumi, ndipo zinatha Lachitatu lisanafike masana. Dzanja silichitanso dzanzi. Limathamanga, chifukwa mwini wake anasiya kufunsa kuti sitolo ili mbali iti ya msewu ndipo akugulitsamo ndani. A Wahab amawatama kwa alendo, ati madala awa aphunzira mochedwa koma aphunzira. A Sellina nkhani ya njerwa sanaitchulenso. Pa siteji ya Chigumula pali golosale imene pa shelefu yake yakumwamba pamakhala mabotolo obiriwira a kamtondo, ndipo a Kingstone akamadikira minibasi amaima chofulatira.

Mwezi wathawu kunabwera bambo wina wachikulire wofuna chikwangwani cha kasitolo kake kokonza mawailesi. Anawayang'anitsitsa a Kingstone n'kumwetulira.

“Kodi si inu a Zuze? Munalembera bambo anga kalekale, pafupi ndi siteshoni ya sitima. Si inu aja simulemba ziwiri zofanana?”

A Kingstone sanachotse maso pa kompyuta. Anakankhira buku la pa kauntala kwa bamboyo.

“Sankhani m'bukumo,” anatero.